Injini Yaikulu, Mpando Umodzi

1994

Ana anga, za ubwana wanga ndinakuuzani kale pakamwa, sindizibwereza pano. Ndiyambira mu 1994, chaka chimene ndinatsika basi pa Boma la Chiradzulu ndili ndi satifiketi ya umakaniko mu envulopu ndi ovolosi yatsopano m'chikwama. Ndinalembedwa ntchito pa garaji ya bungwe lina la alimi a ng'ombe za mkaka. Bungwelo linali ndi malole atatu ndi mapikapu awiri, ndipo ntchito yathu inali imodzi, kuonetsetsa kuti mkaka wa alimi a ku Mikolongwe, ku Mpama ndi midzi ina ufike ku Blantyre usanasase. Lole ikagona panjira, mabanja ambiri ankagona ndi nkhawa. Zimenezi ku koleji sanatiphunzitse.

Folomani wathu anali Che Jafali, Myao wamfupi wa imvi amene anaphunzira za injini ku Joni. Chingerezi cha m'mabuku athu sankachiwerenga, koma akaika sikuludiraiva pa injini, chigwiriro chake pa khutu, ankakuuzani pisitoni imene ikudwala. Tsiku loyamba anatenga satifiketi yanga, naiyang'ana mozondotsa dala, n'kundibwezera.

"Pepala labwino, a Matiyasi. Mulisunge pouma. Tsopano tengani sipana."

Zipangizo zinkasowa kwambiri zaka zimenezo. Tinkadula magasiketi pa makatoni, tinkawongola mabawuti opindika, ndipo lole imodzi inkayenda ndi ziwalo za inzake imene inali pa miyala. Koma pa chinthu chimodzi Che Jafali sankalola chidule. Galimoto iliyonse ikatha kukonzedwa, woikonzayo ankaiyendetsa yekha, iwo atakhala pa mpando wa kumanzere, manja pa mawondo, osayankhula. Mukabwerera, akatsika n'kumenya kawiri pa denga, ndiye kuti galimoto ituluke. Akatsika osamenya, munkavalanso ovolosi. Ndinawafunsa tsiku lina chifukwa chake sankayendetsa okha.

"Woyendetsa amaikhululukira galimoto," anatero. "Ali ndi chiwongolero chogwira. Amene amamva zoona ndi wokwera."

1995 mpaka 1997

Nelia, gawo ili ndi lako kwambiri, ngakhale abale ako aliwerenge. Mayi ako, Esnati, anali mphunzitsi wa pulayimale wa ku Mpama. Tinakwatirana kumayambiriro kwa 1995, ndipo monga mwa mwambo wa kuno ndinakamanga nyumba kwawo, pa malo amene anandilozera mchimwene wake wamkulu, a Dankeni, amene anali mwinimbumba, woyang'anira alongo ake ndi ana awo. A Dankeni anali mlimi wa ng'ombe ziwiri za mkaka ndiponso membala wa bungwe lathu, munthu wa pakamwa posatopa. Iwe unabadwa kumapeto kwa chaka chomwecho.

Chaka chotsatira ndinapeza kagalimoto ka ku Japan, ka zitseko zinayi, kobiriwira kofwifwa, kamene kanakhala zaka zitatu pansi pa mtengo kwa mphunzitsi wina wopuma. Injini yake inali yaing'ono, ya 1200. Ndinaitsitsimutsa ndekha, ndipo Che Jafali anamenya pa denga kawiri. Kankayenda, koma mosafulumira. Pa chitunda chachitali cha panjira ya ku Limbe kankafuna giya yachiwiri, nthawi zina yoyamba, ndipo a Dankeni ankati, "Alamu, imani nditsike, ndili pachangu." Mayi ako ankaseka n'kusisita dashibodi, amvekere, "Musakanyoze, tifikabe." Dzina linakhala lomwelo. Mudzi wonse unkati Tifikabe.

Esnati anali wamfupi. Mpando wa kumanzere ankaukokera kutsogolo mpaka pa dzino lachitatu la kanjanji ka pansi pake, kuti mapazi ake aziponda chitsulo cha kutsogolo tikamadutsa m'mabampu. Wina akakwera n'kuubweza m'mbuyo, iye ankadziwa asanakhale n'komwe. "Mwanyamulanso achimwene, eti?" Kenako khethe, khethe, khethe, mpando wabwerera pamalo pake. M'mawa ndinkamusiya pa sukulu ndi mtolo wa makope, ine n'kupitirira ku Boma. Zaka ziwiri zimenezo ndilibe zambiri zoti ndilembe. Tinali bwino.

1998

Mu Febuluwale, ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, Esnati anayamba kutaya magazi ali m'kalasi. Anandiitana ku garaji cha m'ma 10 koloko m'mawa. Ndinamunyamula pa Tifikabe kupita naye kuchipatala, kumene anamuthandiza mmene akanathera n'kutiuza kuti tipitirire ku Blantyre. Sindinafune kudikira, ndinati ndimutenga ndekha. Namwino mmodzi anakhala kumbuyo atagwira botolo la diripi. Pa chitunda chija ndinatsitsa giya kufika yachiwiri monga mwa masiku onse. Dzanja la Esnati linali pa mkono wanga, pamwamba pa giya. Tisanafike pamwamba pa chitunda, dzanjalo linatsetsereka.

Dokotala wa ku Blantyre anandikhazika pansi n'kundifotokozera bwinobwino kuti ngakhale tikanafika theka la ola m'mbuyomo, sizikanasintha kanthu. Ndinamumvetsa. Ndine munthu wopita kusukulu, ndipo sindinakayikepo mawu ake, ngakhale lero. Ndikulemba zimenezi kuti musadzaganize kuti zimene ndinachita pambuyo pake ndinazichita chifukwa chosadziwa.

Pa maliro sindinalire. Ndinaonetsetsa kuti bokosi lakhomedwa bwino, ndinathokoza a mpingo, ndinaperekeza alendo. Anthu anayankhula za maso anga ouma, ndinazimva. Iwe Nelia, wa zaka ziwiri ndi miyezi, anakutenga mayi ako aang'ono, nyumba yachitatu kuchokera pa yathu. Ine anandiuza kuti ndikhalebe m'nyumbamo mpaka nsudzulo, mwambo umene akuchikazi amamasula nawo mkamwini woferedwa kuti abwerere kwawo. Anati udzachitika chaka chikatha, anthu akakolola.

Patatha milungu itatu, Loweruka masana, ndinatenga sipana ya 12 n'kumasula mabawuti anayi a mpando wa kumanzere. Ndinali nditautsuka magazi kale kangapo, unali woyera. Ndinaukulunga mu mkeka pamodzi ndi kanjanji kake, n'kuuika pa mitanda ya kudenga kuchipinda. Kenako ndinaona kuti anthu afunsa, choncho ndinachotsanso mpando wa kumbuyo n'kukausiya ku garaji. Wofunsa ndinkamuyankha kuti ndikufuna galimoto ipepuke. Ndipo popeza ndinanena zimenezo, ndinayenera kukhala ndi chifukwa chofunira kuti ipepuke. Umu ndi mmene ntchito ya injini inayambira. Bodza linatsogola, ntchito inabwera pambuyo kudzaliikira umboni.

Ku Limbe, kwa ogulitsa ziwalo za magalimoto owonongeka, ndinapeza injini ya 1800 ya pikapu imene inagubuduzika, pamodzi ndi giyabokosi yake. Che Jafali anandilola kugwiritsa ntchito kona ya garaji Loweruka masana ndi Lamlungu. Injini yaing'ono ija ndinaikweza ndi tcheni n'kuikankhira kunja, kuseri kwa shedi, osaiyang'ananso. Yatsopanoyo inali yaitali ndi yolemera kuposa malo ake. Ndinadula zogwirira zakale n'kuwotcherera zina, ndinakhoma ndi hamala chitsulo cha pansi kuti giyabokosi ilowe, ndinasunthira batire kumbuyo, ndinaika redieta ya lole yaing'ono. Shafuti yopititsa mphamvu ku matayala akumbuyo ndinakaifupikitsa kwa amisiri a makina ku Limbe, ndipo ulendo woyamba anaiwotcherera mopotoka, moti galimoto inkanjenjemera ngati chigayo. Ndinabwererako kawiri. Nambala ya injini ndinakaisinthitsa m'mapepala monga lamulo limafunira. Chilichonse ndinachita mwadongosolo, ndi miyeso yolembedwa m'kope. Mu Juni Tifikabe anakwera chitunda chija pa giya yachitatu.

Ndinaima pamwamba, ndinazimitsa injini, ndinamvetsera mumtima. Munalibe chimene chinasintha. Ndiye ndinaganiza kuti mwina mphamvu yachepa.

"Mukuthamangira kuti, a Matiyasi?" anafunsa Che Jafali ataona chimene ndinabwera nacho mu thumba la saka.

"Ndikungofuna kuona ngati zingatheke."

"Zitheka. Ine ndafunsa kuti mukuthamangira kuti."

Chinali mu sakamo ndi tebo ya kalole ka dizilo. Kwa inu amene simunagwirepo sipana, tebo ndi chitsulo chooneka ngati nkhono ziwiri zomatana. Utsi wotuluka mu injini umazunguza kafani ka mbali imodzi, ndipo kafani ka mbali inayo kamakankhira mpweya wochuluka mu injini. Mpweya ukachuluka mumathira petulo wochuluka, ndipo injini yaing'ono imakoka ngati yaikulu. Kunena n'kosavuta. Injini imene sinapangidwire zimenezi imatentha, imagogoda, ndipo ikhoza kusungunula pisitoni. Ndinawotcherera mapaipi a utsi kuchokera ku mapaipi a madzi, ndinakoka kapaipi ka oyilo kupita ku tebo ndi kena kobwezera pansi, ndinatsekera kabureta m'kabokosi ka chitsulo kuti mpweya usathawe. Ulendo woyamba ndinaumira, sindinachepetse kupanikizika kwa m'masilinda, ndipo pisitoni yachitatu inabooka ndisanafike ndi pa msewu wa tala. Ndinamasula zonse. Ndinadula chitsulo cha kopa n'kuchiika pakati pa magasiketi awiri pansi pa mutu wa injini, ndinachedwetsa moto wa mapulagi, ndinayambiranso. Miyezi itatu inapita. Kunena zoona, inali ntchito yabwino kuposa ina iliyonse imene ndinagwirapo ndi manja anga, ndipo pamene ndinali pansi pa galimotoyo sindinkaganiza za chilichonse. Chimenecho ndicho ndinkachifuna.

Mu Okutobala inatheka. Ukaponda mafuta inkayamba ngati ikuganiza, kenako likhweru lalitali, msana n'kukanikizika ku mpando. Chitunda chija ndinachikwera pa giya yachinayi, ndikupitirira minibasi. Lolemba lake ndinauza Che Jafali kuti ntchito yatha. Anapukuta manja, anazungulira galimoto, anatsegula chitseko cha kumanzere. Panali chitsulo chokhachokha ndi mabowo anayi.

"Ndikhala pati?"

"Ndikuikirani kreti."

"Ine si botolo la mkaka." Anatseka chitseko pang'onopang'ono. "Galimoto imene sindinakwere sindiidziwa. Ndi yanu, si ya bungwe, sindingakuletseni. Koma denga ili sindiligunda."

Kumudzi ana ankathamangira kumsewu akamva likhweru lija. Iwe wekha unkathawira kuseri kwa nkhokwe utatseka makutu. Ndinkabwera kwa mayi ako aang'ono madzulo, ndikununkha petulo, n'kukupatsa moni ngati mlendo. Unkandiyang'ana uli pa mwendo wawo. Ndinkadziuza kuti mwana ali m'manja abwino, ndipo zinali zoona.

Mu Novembala, Lamlungu m'mawa anthu ali ku tchalitchi, ndinkatsika chitunda chomwecho pa liwiro limene sindilemba pano. Ndinali nditawerengera mpweya, petulo, moto ndi oyilo, koma mabuleki anali omwe aja a kagalimoto ka 1200. Ine, amene ndinakhoza bwino phunziro la mabuleki ku koleji, sindinawaganizire n'kamodzi komwe miyezi isanu ndi itatu. Pa kona ya kumunsi ndinaponda, anagwira pang'ono, anatentha, phazi linangomira. Kutsogolo kunali bambo wachikulire pa njinga, zigubu ziwiri za mkaka kumbuyo. Ndinatsitsa magiya, galimoto inalira, ndinamudutsa pafupi kwambiri moti anakagwera mu ngalande. Ndinakaima patali n'kubwerera wapansi. Sanavulale, kupatula chigongono chosupuka. Mkaka unkayenderera m'ngalandemo, woyera pa dothi lofiira. Anandiyang'ana nthawi yaitali ndikuwongola gudumu la njinga yake.

"Inu si amuna a malemu aphunzitsi aja?"

"Ndine, bambo."

"Anaphunzitsa adzukulu anga awiri." Anatola chipewa chake n'kuchikuntha. "Akanakhala pambali panupo simukanatsika chonchi."

Sanakalipe. Koma anali membala wa bungwe, ndipo ankapereka mkaka pamalo amodzi ndi a Dankeni.

1999

Nsudzulo unachitika mu Juni, chimanga chili m'nkhokwe. Mwambo wake ndi wodziwika. Ankhoswe a mbali zonse amakhala pansi, akuchikazi amathokoza mkamwini, amamuuza kuti ndi womasuka, ndipo iye amatenga zovala ndi zida zake n'kupita. Nyumba imatsala. Ana amatsala, chifukwa ndi a mbumba ya mayi awo. Ine ndinali nditapeza kale kanyumba pa Boma, ndipo kudzera mwa nkhoswe yanga ndinali nditapempha chinthu chimodzi chimene mwambo sunandipatse, kuti ndikutenge Nelia ukakhale ndi ine. Chifukwa chake sindikanatha kuchifotokoza bwino, poti chaka chonse ndinali ndisanakunyamule ndi kamodzi. Ndinkangodziwa kuti ndikachoka pamudzipo wopanda iwe, ndidzakhala munthu wobwera ndi shuga pa Khirisimasi, ndipo udzakula ukunditcha bambo mwaulemu chabe.

Tinakhala pa mikeka pabwalo la nyumba yanga. Zothokoza zitatha, a Dankeni anayankhula, ndipo tsiku limenelo nthabwala anazisiya kunyumba.

"Alamu, pempho lanu tinalimva. Mwambo mukuudziwa, mwana ndi wathu. Koma mlongo wanga anandiuzapo ali moyo kuti mwana wake adzaphunzire pafupi ndi bambo wake, ndipo ine mawu amenewo sindinawataye. Tinakambirana, ambiri sanakane. Tsono tiyeni tione chimene mudzamunyamulire."

Anadzuka, anthu akuyang'ana, n'kupita pamene ndinaimika Tifikabe. Anatsegula chitseko cha kumanzere, anasuzumira, anasuzumiranso kumbuyo.

"Alamu, mwana akhala pati?"

"Mipando ndinachotsa kuti galimoto ipepuke," ndinatero. "Imalemera."

"Imalemera." Anagwedeza mutu. "Mwapepukadi. Mpaka mukuuluka, tamva kwa a mdala a njinga aja. Chaka chathunthu mwamanga galimoto ya munthu mmodzi, lero mukuti mukufuna kukhala awiri. Ife tamuika kale mmodzi m'manda. Sitikukanizani mwana wanu chifukwa cha mwambo, ayi. Tikukanizani chifukwa cha ichi." Anamenya chala pa boneti. "Tsiku limene mudzabwere ndi galimoto imene ine ndingakwere osayamba ndalapa machimo, tidzakambirana."

Nkhoswe yanga inafuna kuyankha, ndinaigwira mkono.

Inatsala ntchito yotulutsa katundu wanga, ndipo mwambo umafuna kuti atuluke anthu akuona, kuti pasadzakhale mawu. Ndinatulutsa sutikesi, bokosi la zida, mabuku a ku koleji. Kenako ndinaima kuchipinda ndikuyang'ana kudenga. Kuusiya sindikanatha, kuubisa sindikanathanso. Ndinakwera pa tebulo n'kuutsitsa. Pakhomo mkeka unakodwa pa chitseko n'kuvundukuka, ndipo ndinatulukira pabwalo nditakumbatira mpando wa galimoto pamaso pa ankhoswe onse. Ndinauika pansi.

Iwe unatsika pa mwendo wa mayi ako aang'ono, unayenda kudutsa pakati pa anthu, unakwera pa mpandowo n'kukhala, timiyendo tili lende. Sindikudziwa ngati unaukumbukira, kapena unangoona mpando wofewa pakati pa mikeka. Sindinakufunsepo.

A Dankeni anawerama n'kuyang'ana kanjanji ka pansi. Iwo ndi amene ankakalipiridwa kawirikawiri chifukwa chokasuntha, ankakadziwa.

"Dzino lachitatu," anatero motsitsa mawu, kuti ndimve ndekha. "Ndiye munkagona pansi pake chaka chonse, alamu? Bwanji osanena?"

Ndinakutsitsa, ndinaika mpando m'galimoto wosamanga, n'kupita ku Boma pa giya yachiwiri njira yonse.

Ndinakhala masiku angapo ndikuyesa kupeza njira yapakati. Ndikanatha kuika mabuleki aakulu a pikapu, kubwezera mipando, n'kusunga injini ndi tebo. Pa pepala zinkatheka, ndipo ndinajambula n'kujambula. Ndinaonetsa Che Jafali. Anayang'ana pepalalo, ulendo uno molunjika.

"Mabuleki agwira," anatero. "Nanga phazi lanu? Mukamva likhweru lija, phazi limakhala la ndani?"

Ankanena zoona. Ndinkadziwa chimene ndinkafuna ndikamaponda mafuta pa chitunda chija, ndipo sichinali kufika. Pa moyo wanga wonse wa ntchito, chisankho chovuta chinali chimenechi. Ena adzaseka kuti ndi zitsulo chabe, koma mu zitsulo zimenezo munali chaka chonse chimene ndinakana kulira, ndipo kuzimasula kunali kuvomera kuti sizinandifikitse kulikonse. Ndinati ndikafunafuna injini ya 1200 ku Limbe, poti yanga ija inali itagona pamvula kuseri kwa shedi chaka ndi miyezi.

"Pamvula?" anatero Che Jafali. "Bwerani kuno."

Ananditengera ku sitolo ya zida. Kuseri kwa matayala akale kunali chinthu chofunditsidwa lona. Inali injini ija. Anali ataikokera m'kati sabata yomwe ndinaitaya, atathira oyilo m'mabowo a mapulagi, ndipo mwezi uliwonse ankaizunguza ndi sipana kuti isagwirane. Mpando wa kumbuyo unali pomwepo, wokutidwa ndi pulasitiki.

"Munadziwa bwanji kuti ndidzaifuna?"

"Sindinadziwe. Kungoti injini yabwino siitayidwa."

Zinanditengera masiku a Loweruka anayi. Kubwezera kunali kovuta kuposa kuchotsa, chifukwa zimene ndinadula zinafunika kuwotchereranso, ndipo shafuti ndinachita kukafuna ina. Pomasula tebo, bawuti imodzi ya paipi ya utsi inakana, inali itapsa n'kumatirira. Ndinalimbana nayo ola lathunthu, ndipo itathyoka ndinapezeka ndakhala pansi pa simenti, sipana m'manja, ndikulira mokweza ngati mwana. Che Jafali anatuluka n'kukhala panja pa chitseko, ndipo aliyense wobwera ankamuuza kuti garaji yatsekedwa. Mpando wa kumanzere ndinaumanga pomaliza, mabawuti anayi, sipana ya 12. Che Jafali anakwera osausuntha, mawondo atatsamira dashibodi. Tinapita, tinabwera. Anatsika n'kumenya pa denga kawiri.

Injini yaikulu ndi tebo ndinapatsa bungwe. Injiniyo, itachotsedwa zonse zimene ndinaiwonjezera, inakoka pikapu ya mkaka zaka zisanu ndi chimodzi.

Kumayambiriro kwa Ogasiti ndinapita ku Mpama. Ana sanathamangire kumsewu, sanamve kanthu. A Dankeni anazungulira galimoto, anatsegula boneti ngati akudziwa chimene akuyang'ana, kenako anakwera. Anatambasula dzanja kuti abweze mpando m'mbuyo, n'kulibweza dzanjalo. Anakhala chopinda miyendo mpaka pa chitunda chija. Ndinatsitsa giya yachiwiri. Mnyamata wa njinga yopanda katundu anatipitirira ataimirira pa mapedulo.

"Alamu," anatero a Dankeni, "imani nditsike, ndili pachangu."

Tinaseka tonse. Pobwerera anauza mayi ako aang'ono kuti alongedze zovala zako. Anaika lamulo limodzi, kuti tchuthi chilichonse uzibwera kumudzi, ndipo ndinalisunga. Unakwera kumbuyo ndi kachikwama kako, ndipo tisanafike pa Boma unali utagona.

2009

Zaka za pakatipo ndi za mutu wina. Che Jafali anapuma mu 2003 ndipo ine ndinalowa m'malo mwawo, n'kutenganso mpando wa kumanzere wa galimoto iliyonse yotuluka mu garaji. Ndinakwatiranso, ndipo inu anyamata munabadwa. Mayi anu ndi munthu wamtali, koma nditawafotokozera za mpando uja anangoti, "Ndamva," ndipo zaka zonse ankakhala chopinda miyendo kapena kumbuyo ndi inu. Sindinawapemphe zimenezo, ndipo sindinawathokoze mokwanira.

Anyamata ambiri akhala akubwera kwa ine kuti ndiwaikire injini zazikulu ndi matebo m'timagalimoto tawo. Ena ndinawathandiza. Ndinkayamba ndi mabuleki, ndipo ndinkafunsa amene adzakhale kumanzere.

Nelia unayamba kukhala kutsogolo uli ndi zaka khumi. Za mpandowo sindinakuuze, ndipo sunausunthepo, poti unkakukwana. Mu 2009, chaka chomaliza Tifikabe asanapume, ndinkakuperekeza ku sekondale ndi thiranki yako kumbuyo. Unali utatalika mwadzidzidzi chaka chimenecho, msinkhu wa kwa ife osati wa kwa mayi ako. Titayamba chitunda chija unadandaula kuti mawondo akugunda dashibodi. Unapisa dzanja pansi, unakoka kachitsulo komasulira mpando, n'kukankha ndi miyendo. Kanjanji kanali katachita dzimbiri, kanakana kaye, kenako kanalola. Khethe, khethe.

"Eya," unatero, ukutambasula miyendo. "Bwanji adadi, mwangoti duu?"

"Palibe," ndinatero. "Wakhala bwino?"

"Kwambiri."

Ndinatsitsa giya yachiwiri, ndipo tinakwera.